Nambala ya 8128 ndi Vuto la Kuitchula m'Chichewa

Cholinga cha pepalali ndicho kuona m'mene Chichewa chingafotokozere nambala imodzi yaikulu: dzina lake ndi gulu lake. Tasankha 8128 popeza akatswiri a masamu akhala akuisanthula kuyambira kale.

Tiyambe ndi dzina. Powerenga mwa makolo tikafika pa zisanu timayamba kuphatikiza, motero 8128 imatchulidwa motere:

(1) zikwi zisanu ndi zitatu, zana limodzi, makumi awiri mphambu zisanu ndi zitatu.

Vuto lagona pa mawu oyambawo. Ngati zowerengedwa zili m'gulu la mayina a chi-/zi-, monga zipatso, mawu oti zikwi zisanu ndi zitatu angatanthauze 8000 kapena 5003, chifukwa mgwirizanitsi zi- amaloza zikwi komanso zipatsozo. Chimodzimodzi, masiku makumi asanu ndi atatu angakhale 80 kapena 53. Mawu oti mphambu kapena kudza ndiwo amathetsa kusamvanaku, ndipo ife tiona kuti olemba mabuku a sukulu ayenera kuwatenga monga lamulo, osati chokometsera chabe.

Kunena za gulu lake, nambala zimene zimagawa 8128 popanda chotsala, kupatula iyo mwini, ndi izi:

(2) 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 127, 254, 508, 1016, 2032, 4064.

Tikaziphatikiza zonse tipezanso 8128. Nicomachus wa ku Gerasa, amene analemba cha m'ma 100 A.D., anaika nambala m'magulu atatu potsata muyeso umenewu. Zogawira 8 zimangokwana 7, choncho 8 ndi yoperewera. Za 12 zimafika 16, choncho 12 ndi yosefukira. Gulu lachitatu ndi la nambala zokwana ndendende, ndipo iye anadziwa zinayi zokha: 6, 28, 496 ndi 8128. Euclid anali atasonyeza kale njira yozipezera. Tikaphatikiza 1, 2, 4, 8 mpaka 64 tipeza 127, nambala yosagawika ndi ina iliyonse koma 1 ndi iyo yokha. 127 kuchulukitsa ndi 64 ndiye 8128. Euler anatsimikiza pambuyo pake kuti nambala yotere iliyonse yogawika pawiri imapangidwa mwa njira yomweyi. Pofika chaka cha 2024 zinali zitapezeka 52, zonse zogawika pawiri.

Nanga gulu lachitatuli tilitche chiyani? Mawu a Chigiriki oti teleios amatanthauza chinthu chokwanira, chosasowa kanthu. Kunena kuti nambala yangwiro kumabweretsa ganizo la khalidwe la munthu, limene masamu alibe nalo ntchito. Nambala yathunthu nayo siyenera, pakuti dzinali likufunika kale posiyanitsa nambala monga 3 ndi zigawo monga theka. Ife tikonda yokwana, chifukwa imayenda pamodzi ndi yoperewera ndi yosefukira: onse atatu ndi mawu a pa muyeso, amene mwana anawamva kale pamsika poyeza chimanga m'ndowa, ndipo mphunzitsi sadzafunika kuwamasuliranso.