Ulendo wa ku Likoma Uyambire ku Chipatala

Nyengo yokolola ikatha, fodya ndi mtedza zitagulitsidwa, mabanja ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaganiza zokapuma kunyanja. Ena amatsikira ku Mvera nakathera ku Senga Bay, koma ena, makamaka magulu a mpingo ndi ana a sukulu, amalakalaka kukafika pa chilumba cha Likoma kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene chidayamba kumangidwa m'chaka cha 1903. Ulendo wotere ndi wokoma ndithu. Tsoka lake, ambiri amangoŵerengera ndalama za galimoto, za sitima ndi kamba wa panjira, naiŵala kuti thupi lozoloŵera chisanu cha kumapiri nalonso lifunika kulikonzekeretsa.

Choyamba ndi kusankha nthaŵi. Sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda m'chaka cha 1951, imafika ku Likoma ndi ku Chizumulu, koma masiku ake amasintha, motero ndi bwino kuyamba kufunsa. Kuyambira June mpaka August mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu, ndipo kukwera boti lodzaza mopitirira muyeso ndi kuika moyo pachiswe. M'dzinja namo udzudzu umachuluka. Popeza sitima itha kuchedwa, munthu amene amamwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a chifuwa chachikulu kapena ma ARV atengeretu okwanira ndi ena apadera, osaiŵala buku lake la kuchipatala.

Mdani woyamba kunyanja ndi malungo. Matendaŵa aliko ndithu ku Dowa ndi ku Ntchisi, koma kunyanja, chifukwa cha kutentha ndi chinyezi, udzudzu umaswana pafupifupi chaka chonse. Wapaulendo aliyense anyamule neti yonyikidwa m'mankhwala ndipo azigonamo usiku uliwonse, ngakhale kutatentha bwanji. Ana osapitirira zaka 5 ndi amayi oyembekezera ndiwo amavutika kwambiri. Mayi woyembekezera ayambe wapita ku sikelo kuti anamwino aone ngati walandira Fansidar woteteza iye ndi mwana.

Mdani wachiŵiri ndi likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto nitiloŵa mu nkhono za m'madzi. Tikakula timatuluka ndi kuboola khungu la amene akusamba, kuchapa kapena kuseŵera m'madzimo. Maso sangatione, choncho madzi oyera mbee si umboni wakuti mulibe matenda. Malo oopsa kwambiri ndi a madzi odekha, a bango ndi udzu, ndiponso madooko a pafupi ndi midzi. Madzi osamba atenthetsedwe pamoto, ndipo ana aphunzitsidwe kukodza m'chimbudzi, osati m'nyanja.

Mdani wachitatu ndi matenda otsekula m'mimba. Mliri wa kolera wa zaka za 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adavutika nawo kwambiri. Madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini. Nsomba ndi nsima zidyedwe zikadali zamoto, anthu atasamba m'manja ndi sopo. Mapaketi angapo a Thanzi ORS salemera m'chikwama, koma atha kupulumutsa mwana usiku, chipatala chili kutali.

Tsono chimene chimapusitsa ambiri ndi chakuti matenda a kunyanja amadzaonekera munthu atabwerera kale kumudzi. Malungo amatenga sabata imodzi kapena ziŵiri munthu atalumidwa. Magazi a likodzo amayamba kuoneka m'mkodzo patapita miyezi iŵiri kapena itatu, ulendo utaiŵalika. Apa mpamene ena amayamba kuganizirana ufiti, matenda namakula. Amene wamva kutentha thupi, litsipa kapena kuphwanya kwa thupi afulumire ku chipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi, ndipo afotokoze kumene adapita. Asataye nthaŵi ndi mankhwala akale a klorokwini: dziko la Malaŵi lidawasiya m'chaka cha 1993 chifukwa tizilombo tidaazoloŵera, ndipo kuyambira 2007 mankhwala oyamba a malungo ndi LA, amene amamwedwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku 3 mpaka atatha onse. Likodzo nalo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel, koma likalekereredwa limaononga chikhodzodzo ndi impso.

Nyanja si yoopa ai, ndipo mwana wa kumapiri ayenera kuiona. Chofunika ndi chakuti mkulu wa banja kapena wa gulu, kutatsala sabata ziŵiri kuti anyamuke, apite ku chipatala cha pafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kukafunsa malangizo. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.