Khansa ya m'mapapo ikafika ku ubongo

Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 50 amene wakhala akutsokomola kwa miyezi isanu. Kuchipatala chaching'ono cha kwawo anamuyeza makhololo kawiri, chifuwa chachikulu osapezeka, komabe poona kamthunzi pa ekisire anamuyambitsa mankhwala a TB. Patha miyezi iwiri thupi likungothabe. Tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi ikumupulumuka m'dzanja lamanja, lilime likulemera, ndipo pofika madzulo wagwa n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu. Achibale ena akuti ndi sitiroko, ena ayamba kunong'onezana zopita naye kwa asing'anga.

Madokotala a khansa akamva nkhani yotere, maganizo awo amathamangira kumutu. Pa khansa zonse zimene zimafalikira ku ubongo, ya m'mapapo ndiyo imatsogola, moti pafupifupi theka la odwala opezeka ndi zotupa zotere vuto lawo linayambira m'chifuwa. Chifukwa chake chagona pa kayendedwe ka magazi. Maselo a khansa ochokera m'chiwalo china amayenera kudutsa kaye m'timitsempha ta m'mapapo, timene timagwira ntchito ngati sefa. A m'mapapo alibe sefa yowatchinga. Amalowa mumtima, mtima n'kuwapopera molunjika kumutu, kumene kumapita pafupifupi magawo 15 mwa 100 a magazi onse amene mtima umatulutsa. Amakakodwa pamene mitsempha yayamba kuning'a, n'kumera pomwepo.

Chigaza sichitanuka. Chotupa chongofanana ndi njere ya mtedza chimatha kutupitsa dera lalikulu lochizungulira, ndipo kutupako n'kumene kumabweretsa mutu wowawa kwambiri m'mamawa, kusanza, chizungulire, kufooka mbali imodzi, kapena kusintha khalidwe, munthu wofatsa n'kuyamba kukalipa zosadziwika. Odwala ena samva kalikonse, zotupazo zimangopezeka powajambula.

Kale dokotala ankadalira kwambiri kulingalira za m'chigaza poona mmene wodwala akuyendera ndi kuyankhulira. Zinthu zinasintha pa 1 October 1971 pachipatala cha Atkinson Morley ku London, pomwe makina a CT amene anapanga Godfrey Hounsfield anajambula koyamba mutu wa wodwala, mayi amene ankamuganizira kuti ali ndi chotupa mu ubongo. Masamu a ntchitoyi anali atawaganizirapo kale Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, amene anayamba kusinkhasinkha za vutoli mu 1956 akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979.

CT ndi yachangu, mphindi zochepa basi, ndipo imaonetsa bwino magazi otayikira m'mutu ndi kutupa koopsa. N'chifukwa chake munthu wobwera atakomoka amayamba wajambulidwa nayo. Koma tizotupa tating'ono ngati njere za mapira, makamaka ta kunkhongo kumene mafupa ndi okhuthala, imatha kutiphonya. Apa m'pamene MRI imapambana. Iyi sigwiritsa ntchito cheza cha ekisire, imadalira maginito amphamvu. Wodwala amavula ndolo, wotchi ndi chilichonse chachitsulo, n'kugona chagada m'kamphanga kopanikiza kwa theka la ola kapena kupitirira, makina akugogoda ngati pamalo osulira zitsulo. Pakati pa ntchitoyo amamubaya mumtsempha mankhwala okhala ndi gadolinium. Mitsempha ya m'chotupa imachucha, choncho mankhwalawo amadikha pamenepo, chotupa n'kuwala mbee pachithunzi. Si zachilendo kuti pamene CT inaonetsa chotupa chimodzi, MRI ionetse zinayi, ndipo kusiyana kumeneku kumasintha chithandizo chonse.

Ku Malawi makina oyamba a MRI anafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo chinawabweretsa ndi kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, osati khansa. Makina enanso otchuka, a PET, amene amasaka khansa m'thupi lonse potsata kumene shuga akudyedwa kwambiri, kumutu sathandiza kwenikweni, poti ubongo pawokha ndi chidyashuga.

Chithunzi nachonso chimanama, ndipo kuno kwathu mfundo imeneyi ndi yolemera. Chotupa cha khansa nthawi zambiri chimaoneka ngati mphete yowala, pakati pake pakuda. Chotupa cha TB ya mu ubongo chimaonekanso choncho. Chimodzimodzi toxoplasmosis mwa munthu amene chitetezo chake chatsika ndi HIV, mafinya osonkhana mu ubongo, ngakhalenso timphutsi ta njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba. Ngakhale ku America, pakafukufuku wa Roy Patchell ndi anzake ku Kentucky wofalitsidwa mu 1990, odwala 6 mwa 54 amene zithunzi zinkasonyeza kuti khansa yawo yafika ku ubongo anapezeka kuti si zimenezo atatapidwa kanyama n'kukapima. Cholakwa chimachitika mbali zonse: wa TB kumuuza kuti ali ndi khansa, wa khansa kumumwetsa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi. Chimene chimathetsa mkangano ndi kupima kanyama, ndipo kawirikawiri sipafunika kutsegula mutu. Amatapa m'papo momwemo kapena pa mwanabere wotupa wa m'khosi.

Chithandizo choyamba ndi chotsika mtengo modabwitsa. Dexamethasone amaphwetsa kutupa, moti m'tsiku limodzi kapena awiri munthu amene samatha kugwira supuni amayamba kudya yekha. Apabanja amasangalala kuti wachira, koma chotupacho chili pomwepo. Mankhwalawa amakweza shuga, amasowetsa tulo, amafooketsa ntchafu akamwedwa nthawi yaitali, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono.

Chotupa chikakhala chimodzi, chachikulu, pamalo ofikika, ndipo wodwala akadali ndi mphamvu, opaleshoni imathandiza. Pakafukufuku wa Patchell uja, odwala 48 otsalawo anagawidwa pawiri. Amene anachitidwa opaleshoni kenako n'kuwotchedwa ndi cheza anakhala ndi moyo pafupifupi masabata 40, pomwe owotchedwa kokha anakhala masabata 15.

Kuwotcha mutu wonse, kumene nthawi zambiri kumachitika maulendo 5 kapena 10, kunali chizolowezi kwa zaka zambiri. Tsitsi limathothoka, thupi limalefuka, ndipo ambiri amayamba kuiwalaiwala. Madokotala a ku Britain ndi Australia anafunsa funso limene ambiri ankaliopa: kodi kwa munthu wofooka kale, amene opaleshoni siingatheke, kuwotchaku kumawonjezera chiyani? Kafukufuku wawo wotchedwa QUARTZ, wa odwala 538, anatuluka mu 2016. Owotchedwa ndi osawotchedwa, onse akulandira dexamethasone ndi chisamaliro chabwino, anakhala ndi moyo pafupifupi masabata 9, ndipo phindu la kuwotchako powerengera masiku okhala bwino silinafike ngakhale masiku asanu. Banja limene likuganiza zogulitsa ng'ombe kapena munda kuti wodwala wongogona akawotchedwe kutali liyenera kuuzidwa zimenezi mosabisa.

Njira ina ndi yowotcha chotupa chokhacho, ubongo wonse n'kuusiya. Amene anaiganiza mu 1951 ndi Lars Leksell, dokotala wa ku Sweden, ndipo makina ake otchedwa Gamma Knife anayamba ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ngakhale dzinalo likutchula mpeni, palibe pochekedwa. Timizere ta cheza pafupifupi 200 timachokera mbali zosiyanasiyana, kalikonse kofooka pakokha, n'kukakumana pamalo amodzi, monga mmene ana amayatsira pepala ndi galasi padzuwa. Mutu umamangidwa kuti usasunthe ngakhale pang'ono, ndipo nthawi zambiri wodwala amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Poyamba ankati njirayi ndi ya zotupa zosapitirira zitatu kapena zinayi, koma kafukufuku wa ku Japan wa odwala 1,194, wofalitsidwa mu 2014, anaonetsa kuti a zotupa 5 mpaka 10 anakhala ndi moyo mofanana ndi a zotupa 2 mpaka 4. Wowotchedwa motere amafunika MRI miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, chifukwa zotupa zina zimamera pena.

Chasintha kwambiri zinthu posachedwapa ndi mapiritsi. Ubongo uli ndi mpanda wake umene umatchinga mankhwala ambiri, ndipo zizindikiro za mpandawu zinaoneka kalekale m'ma 1880, pomwe Paul Ehrlich anabaya nyama utoto, ziwalo zina n'kusintha mtundu koma ubongo ayi. Mu 2004 akatswiri anapeza kuti khansa zina za m'mapapo, makamaka mwa anthu osasuta fodya, zimayendetsedwa ndi cholakwika chimodzi m'malangizo a m'maselo, pamalo otchedwa EGFR. Mu 2007 ku Japan anapezanso china chotchedwa ALK. Mankhwala monga osimertinib, alectinib ndi lorlatinib amalimbana ndi zolakwika zimenezi, ndipo amadumpha mpanda uja. Pakafukufuku wa 2017, khansa inakula mu ubongo mwa odwala 12 pa 100 omwa alectinib, poyerekeza ndi 45 pa 100 omwa crizotinib, mankhwala akale. Komatu amagwira mwa okhawo amene kanyama kawo kasonyeza cholakwikacho, kupimako kumafuna labotale yapamwamba, ndipo mtengo wake banja wamba silingaufike.

Kwa zaka zambiri Mmalawi wofunika kuwotchedwa ankayembekezera kutumizidwa kunja, ku India, Tanzania kapena Zambia, kumene chipatala cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka chakhala chikuchita ntchitoyi. Ambiri ofika khansa ili kale m'mutu amathandizidwa ndi magulu ochepetsa ululu, monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, amene amapereka morphine wamadzi, dexamethasone ndi mankhwala oletsa kukomoka. Anamwino a ntchito yotereyi amaphunzitsanso gadiyani chochita wodwala akayamba kuphupha: kumugoneka cham'mbali, kuchotsa mbaula ndi zinthu zakuthwa pafupi, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamumwetsa madzi, ndi kuyang'ana nthawi. Kuphuphako kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza munthu asanatsitsimuke, afunika kuthamangira naye kuchipatala.