Anyani Amasekana Zikundu

Mlimi aliyense wa kuno ku Makokola, kufikira ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, amamdziŵa bwino nyani. Amamdziŵa monga mbala ya chimanga, yoyenera kuthamangitsidwa ndi miyala ndi agalu. Koma tiyerekeze kuti tsiku lina zinthu zatembenuka: nyani ndiye mwini munda, ndipo munthu ndiye akuthaŵira m'phiri. Kodi tikadaphunzirapo chiyani?

Funso limeneli linamvuta Mfalansa wina, Pierre Boulle, kotero kuti m'chaka cha 1963 analemba buku lonena za dziko lolamulidwa ndi anyani. Mu 1968 nkhaniyo inasanduka kanema wotchedwa Planet of the Apes. M'kanemayo woyenda m'mlengalenga atera pa dziko lachilendo kumene anyani amalankhula, amakwera akavalo ndi kusaka anthu ndi maukonde. Pomalizira munthuyo apeza chifanizo chotchuka cha ku New York chitakwiririka mumchenga, nazindikira kuti dzikolo ndi lathu lomweli, lowonongedwa ndi nkhondo ya anthu eni ake.

Akanema a pambuyo pake, a 2011, 2014 ndi 2017, akusimba za Caesar, nyani wa mtundu wa chimpanzi, amene nzeru zake zinachokera ku mankhwala omwe akatswiri ankayesa pofuna kuchiza matenda a kuiŵala. Caesar akhazikitsa lamulo lakuti nyani asaphe nyani mnzake. Koma pali Koba, amene anthu anamzunza kwa zaka zambiri poyesera mankhwala pathupi pake. Mkwiyo wa Koba uli ndi chifukwa chomveka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Iye awombera Caesar mobisa, nanamizira anthu, ndipo nkhondo ibuka. Potsiriza Caesar yemwe aswa lamulo lake pomlekerera Koba kugwa ndi kufa. Wozunzidwa dzulo wasanduka wozunza lero.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nthano chabe. Komabe kuno kwathu kulibe achimpanzi, koma ku Gombe, m'mbali mwa Nyanja ya Tanganyika ku Tanzania, aliko. Kumeneko Jane Goodall anayamba kufufuza za moyo wao mu 1960. Gulu limodzi la achimpanzi linagaŵikana paŵiri, ndipo pakati pa 1974 ndi 1978 a ku Kasakela anapha amphongo a ku Kahama mmodzimmodzi kufikira gululo litatha. Anali abale okulira pamodzi.

Tisanawaseke, tiyeni tipite pa boma la Mangochi. Pafupi ndi nsanja ya wotchi pali mfuti yaikulu ya sitima yotchedwa Guendolen. Mu August 1914 sitimayo inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu yomwe ino, chifukwa cha mkangano umene unayambira ku Ulaya. Achimpanzi a ku Gombe anamenyana ndi mano ndi manja. Munthu anapanga chitsulo chophera mnzake ali patali. Makolo athu sananame ponena kuti anyani amasekana zikundu.

Inu achinyamata amene mwangomaliza sukulu, mukamaonera akanema ameneŵa musamangokondwera ndi kulira kwa mfuti. Dzifunseni kuti nyani wa m'kanemayo akuimira yani. Nzeru pazokha sizinapulumutse anthu a m'nkhanizi, ndipo sizinapulumutsenso anyani. Chimene chinamkweza Caesar n'chakuti ngakhale msilikali wamkulu anamphera mkazi ndi mwana, pamene mpata wobwezera unapezeka iye anatsitsa mfuti.

Kwa aphunzitsi anzanga, nali funso loyenera kukambirana m'kalasi: ngati munthu walakwiridwadi, monga analakwiridwa Koba, kodi atani ndi mkwiyo wake kuti usatenthe mudzi wonse?