Banga Lakuda Lobwerera Pamalo Amodzi

Nthawi zina munthu amamwa mankhwala, ndipo pakhungu pake pamatuluka banga lozungulira ngati ndalama yachitsulo. Banga limeneli limayabwa kapena kuotcha. Limakonda kutuluka pamilomo, pamanja, pamapazi ndi kumaliseche. Likapola, pamatsala pakuda. Munthuyo akadzamwanso mankhwala omwewo, pasanathe tsiku banga limabwerera pamalo pomwe paja.

Matenda amenewa saoneka kawirikawiri. Si khate, si ufiti, ndiponso sapatsirana. Ndi thupi la munthuyo limene likukana mankhwalawo. Amene amachititsa zimenezi nthawi zambiri ndi cotrimoxazole, Fansidar, tetracycline, ibuprofen ndi paracetamol.

Tichite chiyani?

Tisamwenso mankhwalawo tisanaonane ndi a chipatala. Tipite tsiku lomwelo, titanyamula kapepala kake. Amene timamwa cotrimoxazole tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV tisangosiya n'kukhala kunyumba. A chipatala ndiwo angatiuze chochita.

Kuchipatala angatipatse mankhwala opaka a mtundu wa steroid, monga hydrocortisone kapena betamethasone. Amenewa amaletsa kuyabwa ndi kutupa. Tisambe m'manja. Tipake pang'ono, pabanga pokhapo, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Nthawi zambiri masiku 7 mpaka 14 amakwana.

Kuyabwa kumatha msanga, koma kuda kwa khungu kumatenga miyezi yambiri. Apa ndi pamene ambirife timalakwa. Timapakabe kuti khungu liyere. Mankhwala opakawa akapitirira nthawi yake, khungu limapyapyala, limachita mizere, ndipo silichedwa kuchita zilonda. Betamethasone ndi wamphamvu, tisapake kumaso kapena kumaliseche ngati sanatiuze kutero. Tisabwereke mnansi wathu. Mwina iye ali ndi chipere, ndipo mankhwala amenewa amakulitsa chipere.

Ngati matuza atuluka thupi lonse, m'kamwa ndi m'maso mwachita zilonda, thupi latentha, tithamangire kuchipatala. Pamenepo moyo uli pangozi.

Chomaliza, tilembe dzina la mankhwala amene thupi lathu linakana. Tisunge pepalalo pamodzi ndi khadi la kuchipatala. Tizilionetsa nthawi zonse tisanalandire mankhwala ena.

Tikambirane

1. Banga limeneli timalizindikira bwanji?
2. Chifukwa chiyani sitiyenera kupaka mankhwala kwa nthawi yaitali?
3. Tilembe m'kope mayina a mankhwala atatu amene tawerenga.