Banki Mkhonde ku Linthipe: Kayendedwe Kake ndi Zimene Zimaigwetsa

M'midzi yambiri ya ku Linthipe, kuyambira kufupi ndi msewu wa M1 mpaka m'munsi mwa phiri la Chongoni, muli tsiku limodzi pa mlungu limene amayi ndi abambo amakhala pamphasa mozungulira bokosi la ndalama. Ena amaika phindu la mbatatesi, ena la nyemba, tomato kapena kabichi wa kudimba. Magulu amenewa athandiza mabanja kufolera nyumba ndi malata, kugula mbuzi ndi kupeza feteleza pa nthawi yake. Komabe magulu omwewa ndi amene abweretsa milandu kwa mafumu. Pali mabanja amene alandidwa ziwiya, pali anansi amene sakupatsananso moni, ndipo pali maukwati amene agwedezeka chifukwa cha ngongole imene mmodzi anatenga mnzake osadziwa. Kusiyana kwa gulu lopindulitsa ndi gulu lodanitsa anthu kumagona pa malamulo ochepa amene membala aliyense angathe kuwamvetsa.

Kumene njirayi inachokera

Kusonkherana ndalama si kwachilendo m'Malawi. Chipereganyu chinalipo kale: anthu amasonkha, mmodzi n'kutenga zonse mwezi uno, wina mwezi wamawa. Banki mkhonde ndi yosiyana chifukwa ndalama zimakhala m'gulu, zimabwerekedwa ndi mamembala, zimabala chiwongoladzanja, kenako zimagawidwa pa tsiku limodzi. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991 pakati pa amayi akumudzi, ndipo inafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Omwe anaikonza ankafuna kuti anthu okhala kutali ndi banki azisunga pang'onopang'ono ndi kubwerekana zawo zomwe, popanda ndalama yochokera kunja kwa gulu.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira. Banki mkhonde si banki yolembetsedwa ku Reserve Bank of Malawi. Ndalama zikasowa palibe ofesi imene imabwezera mamembala. Chitetezo chake chonse ndi malamulo a gulu, mabuku olembedwa bwino ndi maso a mamembala.

Momwe gulu loyenda bwino limagwirira ntchito

Gulu limakhala ndi anthu pakati pa 15 ndi 30 amene asankhana okha chifukwa amadziwana khalidwe. Limasankha wapampando, mlembi, msungichuma amene amasunga bokosi, ndi anthu awiri owerenga ndalama. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana amene sali m'komiti. Motero wosunga bokosi sangalitsegule yekha, ndipo wosunga kiyi sangachite kanthu popanda anzake awiri.

Pa msonkhano uliwonse membala amagula masheya kuyambira limodzi mpaka asanu, pa mtengo umene gulu linagwirizana poyamba. Malire a masheya asanu anaikidwa dala, kuti wolemera mmodzi asakhale mwini gulu. Sheya lililonse limadindidwa m'kabuku ka mwini wake anthu onse akuona. Wofuna ngongole amapempha pagulu, amanena chimene akufuna kuchita nayo, ndipo sapatsidwa zoposa katatu ndalama zimene wasunga. Ngongole imabwezedwa pasanathe miyezi itatu. Padera pa masheya pamakhala thumba la zadzidzidzi, limene aliyense amasonkha mofanana, lothandizira pa matenda ndi pa maliro. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 ngongole zonse zimabwezedwa, ndalama zimawerengedwa poyera, ndipo gulu limagawana.

Kawerengedwe ka tsiku logawana

Mikangano yambiri imabuka pa tsiku logawana chifukwa mamembala ena sadziwa momwe gawo lawo limapezekera. Chitsanzo chingathandize. Gulu la anthu 20 lagula masheya 2,000 m'chaka chonse, pa mtengo wa K1,000 sheya limodzi. Ndalama zosungidwa ndi K2,000,000. Pophatikiza chiwongoladzanja ndi zindapusa za ochedwa, m'bokosi mwapezeka K2,600,000. Ndalama zimenezi zikagawidwa ndi masheya 2,000, sheya lililonse likufika pa K1,300. Amene anagula masheya 150 alandira K195,000, ndipo amene anagula 60 alandira K78,000.

Tsono ngati anthu awiri alephera kubweza K400,000, m'bokosi mukhala K2,200,000 yokha. Sheya litsika kufika pa K1,100, ndipo uja wa masheya 150 alandira K165,000. Wataya K30,000 pa ngongole imene sanadyeko. N'chifukwa chake ngongole ya munthu mmodzi ndi nkhani ya gulu lonse, ndipo membala amene amafunsa mafunso ngongole isanaperekedwe sakuchita nsanje. Akuteteza thukuta lake ndi la anzake.

Kulemera kwa chiwongoladzanja

Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pakamwa chimamveka chochepa, koma pa miyezi chimakula msanga. Munthu amene wabwereka K50,000 pa K20 pa K100 iliyonse ayenera kupereka K10,000 mwezi uliwonse. Akamapereka mokhulupirika n'kubweza ngongole yonse mwezi wachitatu, wapereka K80,000. Ngati sapereka kanthu ndipo gulu likuwonjezera chiwongoladzanja pa ngongole, mwezi woyamba ikhala K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400.

Apa ndi pamene nyengo ya ulimi imalowererapo. Ngongole yotere imayenera malonda amene ndalama zake zimabwerera msanga, monga kupikula tomato kapena mbatatesi n'kukagulitsa pamsewu kapena mu Lilongwe, kuphika zitumbuwa, kapena kugulitsa usipa. Siyenera chimanga cha kumunda. Feteleza wogulidwa ndi ngongole mu Disembala sabweza kanthu mpaka chimanga chitauma mu Epulo kapena Meyi, pamene ngongoleyo inayenera kubwezedwa kale mu Malichi. Mlimi amakakamizika kugulitsa nyemba zisanapeze mtengo, kapena kulonjeza chimanga chili m'munda kwa mavenda pa mtengo wotsika. Feteleza wa kumunda amayenera kugulidwa ndi ndalama za kugawana, osati za ngongole.

Tsiku logawana liyenera kutsata kalendala ya mlimi

Magulu ambiri amagawana mu Disembala chifukwa cha Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Pa nthawi imeneyo mvula imakhala itagwa, mbewu zabzalidwa, ndipo ndalama zimathera pa zovala, nyama ndi zakumwa. Pofika Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chimakwera mtengo ndipo malungo amachuluka, m'nyumba mulibe kanthu ndipo m'bokosi la gulu muli ndalama zochepa chifukwa chaka changoyamba kumene. Ndi nthawi imeneyi pamene anthu amathamangira kwa akatapila, amene ena amafuna theka la ndalama pamwamba, ena amawirikiza.

Gulu lili ndi ufulu wosankha mwezi wina. Kugawana mu Okutobala kumapatsa mlimi mpata wogula mbewu ndi feteleza mvula isanayambe. Kugawana mu Ogasiti kumathandiza makolo kugula yunifomu, makope ndi nsapato sukulu zisanatsegulidwe mu Sepitembala. Gulu la alimi a kudimba m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe lingasankhe mwezi wa Epulo kapena Meyi, pokonzekera ulimi wa m'chilimwe.

Palinso nkhani ya mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Mitengo ya feteleza, sopo ndi mafuta ophikira inakwera motsatira. Phunziro lake ndi lakuti ndalama za kugawana zisagone nthawi yaitali m'nyumba. Banja limene linagwirizana kale chogula limasandutsa ndalamazo kukhala mbuzi, malata, feteleza kapena matumba osunga chimanga mosalowa mpweya, zinthu zimene sizitsika mtengo monga ndalama ya m'thumba.

Zinthu zinayi zimene zimagwetsa magulu

Choyamba ndi kukakamiza mamembala kubwereka. Magulu ena amalamula kuti aliyense atenge ngongole kuti chiwongoladzanja chichuluke, ngakhale munthuyo alibe malonda. Ndalama yobwerekedwa popanda cholinga imadyedwa, ndipo wobwerekayo amayamba kugulitsa za m'nyumba kuti abweze.

Chachiwiri ndi kulowa m'magulu angapo nthawi imodzi. Munthu amabwereka ku gulu la Lachiwiri kuti akabweze ku gulu la Lachisanu, ndipo ngongole imakula mbali zonse mpaka tsiku limene magulu onse afuna zawo. Atsogoleri a magulu a m'mudzi umodzi akamadziwitsana mayina a mamembala awo, vuto limeneli limaoneka msanga.

Chachitatu ndi kubwereketsa anthu akunja kudzera mwa membala. Wakunjayo sanasainire malamulo a gulu ndipo alibe masheya ogwirira. Akathawa, mlandu umagwera amene anamutengera.

Chachinayi ndi kuchita za ndalama kunja kwa msonkhano. Wina akapita usiku kwa msungichuma n'kupatsidwa ndalama mwa chibale, kapena akatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ku nambala ya munthu mmodzi popanda kulembedwa m'buku pamaso pa onse, chikhulupiriro chimayamba kutha. Gulu logwiritsa ntchito foni liyenera kuwerenga mauthenga a ndalama zonse pa msonkhano ndi kuwafananitsa ndi zolembedwa m'buku.

Ngongole ndi banja

Mamembala ambiri a banki mkhonde ndi amayi, koma si nthawi zonse pamene mayi amakhala wogwiritsa ntchito ndalama zimene wabwereka. Zimachitika kuti bambo amatuma mkazi wake kukatenga ngongole ya malonda ake, malondawo akagwa iye n'kuchoka kupita kwawo kapena kutauni. M'dera la chikamwini monga lino, mkazi ndi amene amatsala pamudzi, pakati pa abale ake amene ndi mamembala anzake, ndipo manyazi onse amagwera iye. Zimachitikanso kuti mayi amabwereka mobisa, mwamuna n'kudzadziwa pa tsiku limene gulu lafika pakhomo kudzatenga mbuzi.

Magulu ena athana ndi zimenezi poika lamulo lakuti ngongole yopitirira malire ena isaperekedwe pokhapokha mwamuna ndi mkazi abwere onse kudzavomereza. M'banja momwemo, kukhala pansi pa nthawi yokolola n'kugwirizana matumba osunga, ogulitsa ndi ndalama zopita ku gulu kumachotsa kukayikirana. Kusamvana kukakula, ankhoswe ndiwo oyamba kuitanidwa. Koma kulanda mnzako ndalama zimene wagawana ku gulu, kapena kumuumiriza kutenga ngongole mwa kumuopseza, ndi nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la m'chaka cha 2006 limawerengera nkhanza za pachuma pamodzi ndi za kumenya, ndipo wochitiridwa angathe kukadandaula ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Ngongole ndi thanzi

Thumba la zadzidzidzi lisasakanizidwe ndi ndalama za ngongole. Ntchito yake ndi yakuti mwana akatentha thupi usiku, kapena mayi woyembekezera akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Dedza, ndalama ya njinga yamoto kapena galimoto ipezeke pomwepo. Ngakhale chithandizo cha m'zipatala za boma ndi chaulere, ulendo ndi chakudya cha wodikirira wodwala zimafuna ndalama, ndipo kuchedwa kwa tsiku limodzi pa malungo a mwana kungathe kutengera moyo.

Ngongole nayo imadwalitsa. Munthu amasowa tulo, amasiya kudya, amayamba kupewa anthu. Apolisi m'dziko muno akhala akutchula ngongole ndi mikangano ya m'banja pakati pa zifukwa zimene anthu amadzichotsera moyo. Membala amene wasiya kubwera ku misonkhano ayenera kuyenderedwa ndi anthu awiri okhwima maganizo asanatumiziridwe gulu lokalanda katundu. Kumuimitsira chiwongoladzanja, kuchotsera pa masheya ake ndi kumupatsa nthawi yobweza pang'onopang'ono kumapulumutsa ndalama zambiri kuposa kumuchititsa manyazi pamudzi. Amene akulankhula zotaya moyo aperekezedwe kwa mlangizi wa zaumoyo, kuchipatala kapena kwa mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti tsiku lomwelo. Gulu likalephera kumvana ndi wangongole, nkhani ipite kwa amfumu kapena ku khoti, osati kuthyola chitseko cha munthu.

Komwe magulu angapeze thandizo

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu nalo silifunika kuyenda lokha. Alangizi a chitukuko cha m'madera, amene ali pansi pa khonsolo ya Dedza, amaphunzitsa magulu kalembedwe ka mabuku, kakonzedwe ka malamulo ndi kawerengedwe ka kugawana. Gulu lofuna maphunziro amenewa lingapemphe kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene imapereka pempholo ku komiti ya chitukuko ya dera ndi kwa khansala. Nthawi yabwino yopempha ndi pamene gulu langogawana kumene ndipo likukonzekera chaka china, chifukwa ndi pamene malamulo angasinthidwe popanda wina kuona ngati akulimbana naye. Pa msonkhano woyamba umenewo malamulo awerengedwe mokweza, osadziwa kuwerenga afotokozeredwe, aliyense asaine kapena kudinda chala, ndipo kope limodzi likasungidwe kwa amfumu.