Mtsutso wa za Baibulo pa Msundwe: Msilamu aime pati?

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki Muhammad ndi aneneri onse.

Abale ndi alongo, tsiku la msika pa Msundwe, Namitete kapena Nsaru, mkangano wa zachipembedzo suchedwa kubuka. Pakhonde la golosale wina akuonetsa pafoni mtsutso wa Ahmed Deedat ndi Jimmy Swaggart wa mu 1986, Mkhristu watsegula Baibulo, ndipo masiku ano pamakhalanso wachitatu, mnyamata wasukulu wonena kuti mabuku onsewa ndi nthano chabe. Ophunzira athu kumadrasa amatifunsa kuti, "Shehe, ife tikhale mbali iti?" Tisanayankhe, tilekanitse zinthu zitatu zimene okangana amazisakaniza.

Choyamba ndi malemba enieniwo. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki ndipo chinkakoperedwa pamanja kwa zaka mazana ambiri. Mabuku awiri akale kwambiri, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, a zaka za m'ma 300, alibe Marko 16:9-20. Mawu a pa 1 Yohane 5:7 otchula mboni zitatu zakumwamba sapezekanso m'zolemba zakale za Chigiriki. Koma anafufuza zimenezi ndi akatswiri Achikhristu eni ake, ndipo Mabaibulo ambiri amakono amazilemba m'munsi mwa tsamba. M'busa wophunzira amazidziwa kale, ndipo adzakuyankhani kuti chikhulupiriro chake sichitsamira pa ndime ziwirizi zokha.

Chachiwiri ndi kumasulira. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, la Akatolika ndi mipingo ina pamodzi, linatuluka mu 1998. Mawu akasiyana m'mabuku atatuwa, si umboni pawokha woti wina anasintha uthenga. Ifenso tikudziwa kuti mashehe awiri angathe kutanthauzira ayah imodzi ya Qur'an m'Chichewa ndi mawu osiyana.

Chachitatu, chomwe ndi phata la nkhani, ndi tanthauzo. Mkhristu amawerenga Yohane 10:30, pamene Yesu akukamba za umodzi wake ndi Atate. Womutsutsa amawerenga Yohane 14:28, pamene Atate akutchulidwa kuti ndi wamkulu kuposa Yesu. Mkanganowu sunayambire pa Msundwe. Mu 325 maepiskopi anasonkhana ku Nicaea nakana chiphunzitso cha Arius, yemwe ankati Mwana analengedwa, ndipo mu 451 ku Chalcedon anagamula kuti Yesu ali ndi umulungu ndi umunthu pamodzi. Ndi chiphunzitso chimenechi Akhristu amagwirizanitsa ndime ziwirizi. Ife sitivomereza. Surah An-Nisa 4:171 ikutiphunzitsa kuti Isa mwana wa Maryam, mtendere ukhale pa iye, ndi Mtumiki wa Allah, ndipo 4:157 ikukana zoti anapachikidwa. Izi tizinene mosabisa, koma titamvetsa kaye chimene mnzathuyo amakhulupirira.

Nanga mnyamata wokayika uja? Maganizo otere ali ndi owayankhulira m'Malawi muno, monga George Thindwa, ndipo mafunso ena amene okayika amafunsa ndi oyenera kuwayankha modekha. Koma chida chawo chachikulu ndi chakuti zozizwitsa sizichitika. Akamaseka zoti Yesu anabadwa kwa namwali, Msilamu wowomba m'manja wakana Surah Maryam asakudziwa. Akamanyoza zoti akufa adzauka, akugwetsanso nsanamira ya iman yathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisabwereke nkhwangwa yodulira mtengo umene nafenso takhala pamthunzi pake.

Kakambidwe kakenso kali ndi malamulo. Surah Al-Ankabut 29:46 ikutilamula kukambirana ndi anthu a Buku m'njira yabwino koposa, ndipo Surah Al-An'am 6:108 ikuletsa kutukwana zimene ena amapembedza, kuopa kuti nawonso angatukwane Allah. Akhristu a ku Najran atafika ku Madinah anatsutsana ndi Mtumiki pa nkhani ya Isa, ndipo anabwerera kwawo ali Akhristu, atapangana naye za mtendere. Kuno kwathu, mu 2020, chikwangwani cha Islamic Information Bureau ku Blantyre chotchula Qur'an kuti ndi chipangano chomaliza chinakwiyitsa Evangelical Association of Malawi, mpaka nkhaniyo inafika ku Public Affairs Committee. Mawu ochepa anautsa mkangano waukulu.

Choncho, ana athu, musatchule ndime imene simunaiwerenge pamodzi ndi zoyandikana nazo. Zimene simukuzidziwa nenani kuti mukafunsa. Mukaona kuti anthu akufuna kuseketsa gulu osati kumvetsa, tsazikani.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse m'dziko muno. M'midzi yathu ino timatunga madzi pamjigo umodzi ndi Akhristu, timagonera limodzi pamaliro, ndipo tikadwala ambiri timathamangira kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Mtsutso ukatha madzulo, munthu uja akhalebe mnansi woti mawa tingamubwereke khasu. Kuongola mitima ndi kwa Allah, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.