CUMA CIKUPSA KUSERI KWA ATELALA KU MFUWE

MUNTHU woyenda pa mseu wocokera ku bwalo la ndeke la Mfuwe kulinga ku mlatho wa Luangwa m'masiku ano a Disembala, akaima pa Masumba kapena pa Cropping, adzamva makina a atelala akulira pa makonde a masitolo kuyambira mmawa kufikira dzuwa litapendeka. Ino ndiyo nyengo yao. Amai afuna madiresi a Khrisimasi, ana afuna malaya, ndipo Januwale ali pafupi ndi mayunifolomu ake a sukulu. Koma woyendayo akaweramitsa maso adzaona cinthu cimene ambiri sacisamala: pansi pa makina paunjikana tizidutswa ta zitenje ta maonekedwe osiyanasiyana, timene madzulo amatisesera kumodzi ndi zinyalala nakatitentha kuseri.

Ife tikuti cimene cikupsa kumeneko ndi cuma. M'tizidutswa timeneto muli mphatso ya Khrisimasi ya mwana wanu, ndiponso muli gombeza limene mudzalifuna mwezi wa Juni.

Aliyense wa kuno ku Malambo adziwa kuti Khrisimasi imatipeza thumba litapyapyala. Mvula ikayamba mu Novembala, makampu ambiri a m'thengo olandira alendo odzaona nyama amatsekedwa, pakuti miseu ya m'cigwa imasanduka matope ndipo mitsinje monga Lupande imasefukira. Anyamata ophika, ocapa ndi operekeza alendo amabwerera ku midzi kukadikira cilimwe. Ndalama za thonje zinatha kale, zotsala zinalowa ku mbeu, ndipo m'munda muli udzu wofuna khasu. Kuyambira mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipiro a maphunziro m'sukulu zake, koma mwana wopita ku sukulu yogonera komweko afunabe cofunda, ndowa ndi sopo. Nanga kholo lotere likagule mphatso ndi ciani?

Cobvuta coyamba si ndalama ai, koma manyazi. Pakati pathu cigamba ndi cizindikiro ca usiwa. Mwana wobvala kabudula wa zigamba anzake amamseka, ndipo cifikire salaula m'misika yathu cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anthu anayamba kuona ngati kusoka cong'ambika ndi nchito ya wosowa pogwira. Amai acikulire amene anaphunzira singano m'makalabu a amai m'zaka zoyamba za ufulu wathu akumbukira kuti kale sizinali conco: nsaru inali yosowa, ndipo mkazi wodziwa kulumikiza tinsaru anali wolemekezeka m'mudzi.

Kwa anzathu kutali manyazi otere anatha kalekale. Ku America, m'dera la Alabama, kuli kamudzi kochedwa Gee's Bend, kozingidwa ndi mtsinje mbali zitatu, kumene kumakhala zidzukulu za akapolo ocokera kuno ku Africa. Nyumba zao zinali zolowa mphepo ndipo ndalama yogulira bulangete panalibe, motero amai ankang'amba mabuluku akutha a amuna ao, madiresi ofwifwa ndi matumba a ufa, nasoka zofunda zocindikala zimene m'Cingerezi amati quilt. Mu 1966 amai a m'dera lomwelo anapanga bungwe logwirizana lochedwa Freedom Quilting Bee kuti azigulitsa nchito ya manja ao pamodzi. Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinapacikidwa m'nyumba zazikuru zoonetsera luso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinajambulidwa pa masitampa a positi a dziko limenelo. Ku India nakonso, amai a mtundu wa Siddi, amene makolo ao anatengedwa kum'mawa kwa Africa, amasoka zofunda za zigamba zochedwa kawandi, ndipo khanda limasokeredwa kake kakang'ono. Onsewa anayamba cifukwa ca kusowa, monga momwe ife tingayambire.

Ndipo sitifunika kuoloka nyanja kuti tione kuti nchito ya manja iri ndi mtengo. Pa mseu womwewu wa ku bwalo la ndeke pali Tribal Textiles, imene Mai Gillie Lightfoot anaiyamba mu 1991. Kumeneko amalemba maluwa ndi nyama pa nsaru ya thonje ndi phala la ufa wa tirigu, naiyanika pa dzuwa, naipaka utoto ndi manja, naiocha mu uvuni kuti utoto ugwire, kenaka amaicapa, kupala phalalo ndi kuisoka. A Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangiri ndi waya wa misampha imene alonda a nyama amacotsa m'thengo. Ngati waya wophera mbawala ungasanduke cokometsera pakhosi, kodi kadutswa ka citenje catsopano kalephera bwanji?

Tsono tiyeni tione kasokedwe kake. Gombeza la zigamba liri ndi nsaru zitatu zosanjikiza. Pamwamba pamakhala zigamba zolumikizidwa. Pakati pamakhala cofunditsa. Pansi pamakhala citenje cathunthu. Musanadule kanthu, capani tizidutswa tonse ndi kutisita, cifukwa nsaru yatsopano imafupika ikalowa m'madzi, ndipo zitenje zina zimacucha utoto umene ungadetse zinzake. Patulani nsaru za thonje pa zokha ndi zoterera za nailoni pa zokha. Mukazisakaniza, ina imakoka inzake ndipo gombeza limapindika ngati cikopa couma. Dulani kacikatoni ka mbali zinai zofanana, masentimita 17 uku ndi uku, kakhale muyeso wa zigamba zanu zonse. Msoko ukadya sentimita imodzi mbali iriyonse, cigamba cimatsala masentimita 15. Apa mpamene ambiri amalakwa. Munthu amati maso anga ndi tepi, nadula mwa kuyerekeza, ndipo pofika mzere wacitatu ngondya sizikumananso. Kacikatoniko musakanyoze.

Lumikizani zigamba m'mizere, kenaka mizereyo muilumikize, muli kusita msoko uliwonse ndi simbi ya makala kuti ugone mbali imodzi. Musaike zofiira zonse pamodzi. Cakuda cikhale pafupi ndi coyera, ca maluwa akuluakulu pafupi ndi cosalemba. Yalani zonse pa mphasa, muimirire patali ndi kuyang'ana musanasoke, pakuti diso limaona bwino cinthu ciri pansi kuposa ciri pa miyendo.

Za cofunditsa ca pakati tinenepo pang'ono. Popeza boma la Mambwe ndi dziko la thonje, ena adzaganiza zoika thonje la m'munda. Nkotheka, koma nchito yake njaikuru: muyenera kucotsa njere zonse, kulipapasa kuti likhale lopyapyala mofanana, ndi kusoka mizere yoyandikana kwambiri, apo ai tsiku loyamba kucapa lidzaundana m'mabulumwa. Ndiponso thonje limene munalima ndi ngongole ya kampani liri ndi mwini wake, tisanamizane. Capafupi ndi bulangete lakale lija lothetheka limene mwaika pansi pa mphasa. Licapeni, muliike pakati, ndipo lidzakhalanso ndi moyo zaka zambiri. Mukasanjikiza nsaru zitatuzo, zigwirizeni ndi mapini kapena ndi ulusi wotalikirana, ndipo posoka yambirani pakati kunka kumphepete kuti makwinya azithawira kunja. Makina safunika, singano, ulusi wolimba ndi mthunzi wa mtengo zikwanira.

Masiku otsala kuti Khrisimasi ifike ndi ocepa, motero musayambe ndi gombeza lalikuru. Zigamba 36, mizere 6 ya zigamba 6, zipanga kofunda ka khanda ka masentimita 90 mbali zonse, ndipo mai wakhama angakatsirize m'sabata limodzi. Zigamba 8 zipanga kathumba konyamulira Baibulo ndi buku la nyimbo, mphatso yoyenera apongozi. Tiwiri tokha, toikidwa kansanza kocindikala pakati, tipanga cogwirira mphika wamoto. Mwana wa sukulu msokereni thumba la mabuku. Ndipo ngati m'nyumba muli citenje ca agogo amene anatisiya, cimene palibe afuna kucibvala ndipo palibe alimba mtima kucitaya, dulaniko zigamba zingapo muike m'kofunda ka mdzukulu. Mphatso yotere sitolo iriyonse ya ku Chipata iribe, ngakhale mutapita ndi ndalama zodzaza cikwama.

Tifike tsopano pa za Caka Catsopano. Tsiku la Nyuwere anthu amalonjeza zambiri, kuleka mowa, kumanga nyumba ya malata, koma pofika Febuluwale malonjezo apita ndi madzi a Luangwa, cifukwa anali akuru osawerengeka. Lonjezo la wosoka likhale lowerengeka ndi zala. Gombeza la munthu mmodzi lifuna mizere 13 ya zigamba 10, ndiko kuti zigamba 130, ndipo limatuluka masentimita 150 m'lifupi ndi 195 m'litali. Zitenje ziwiri za mamita 2 zolumikizidwa zikwanira kunsi kwake, ndipo zotsalako zipinda mphepete. Mukadula ndi kulumikiza cigamba cimodzi cokha pa tsiku kuyambira pa 1 Januwale, mudzatsiriza pa 10 Meyi. Ngakhale mupumule Masabata onse, mudzafika kumapeto m'masiku oyamba a Juni. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo cigamba cimodzi sicilanda nthawi ya kupalira kapena ya kulonda njobvu m'munda. Ndi nchito ya masana aja mvula ikakutsekerani pa khonde.

Alendo amadziwa cigwa cathu ndi kutentha kwa Okutobala, pamene kumapitirira madigiri 40, koma ife eni ake tidziwa kuti usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira kufika pafupi ndi madigiri 10, ndipo mbandakuca ana amaunjikana pa moto. Gombeza loyamba likhale la pa nyumba. Musaligulitse, pakuti loyamba limakhala ndi zolakwa zimene mwini yekha angazikhululukire. Laciwiri ndi zotsatira ndizo mungaganize za msika, popeza miyezi ya Juni kufikira Okutobala ndiyo alendo amacuruka ku South Luangwa. Kumbukirani kuti ambiri a iwo amabwera pa ndeke zazing'ono zimene sizilola katundu wolemera. Kathumba, nsaru ya pa tebulo ndi cobvalika mtsamiro zimagulidwa msanga kuposa gombeza lalikuru. Poika mtengo werengerani ulusi, zitenje za kunsi ndi masiku amene mwagwira nchito. Amai ambiri amawerengera ulusi okha naiwala manja ao.

Amene muli m'makalabu a amai kapena m'magulu a ku chalichi, m'midzi ya Mfumu Yaikuru Nsefu, Mfumu Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro, mungacite bwino kugwirizana. Amai 10 akamabweretsa zigamba 13 aliyense pa mwezi, gombeza limodzi limatha mwezi uliwonse, ndipo lingaperekedwe mosinthana monga cilimba, kufikira aliyense atalandira lake. Tumani mmodzi akapangane ndi telala kuti azikusungirani tizidutswa m'thumba m'malo motentha. Mukamsokera kamtsamiro ka pa mpando wake sadzakukanizani. Abambo nawonso asaime patali. Atelala ambiri ndi amuna, ndipo palibe mwambo wa Cikunda umene uletsa mwamuna kudula zigamba madzulo.

Cenjezo lathu liri pa dzinja lomweli. Cinyontho cimabweretsa nkhungu pa nsaru, ndipo ciswe ndi makoswe sizisankha citenje cokongola. Sungani zigamba m'ndowa ya civundikiro kapena m'bokosi lacitsulo, osati m'katoni pansi. Cofunda ca khanda mukacicapa musaciyanike pa dothi kapena pa udzu, ndipo cikauma cisiteni ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, cifukwa nyengo ino kuli nchenche zoikira mazira pa nsaru zonyowa, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu la mwana. Gombeza lingacindikale bwanji, udzudzu sulimvera. Neti ikhalebe pamwamba pake.

Ngati gombezalo ndi la mwana wa ku sukulu yogonera komweko, mpatsireni potsegulira temu yaciwiri mu Meyi, cisanu cisanafike. Pa ngondya imodzi ya kunsi sokanipo dzina lake ndi caka, ndi ulusi wofiira kapena wakuda, zilembo zazikuru zooneka bwino, pakuti m'nyumba zogona ana zofunda zimasocera kawirikawiri pa tsiku locapa.